Pomwe kompyuta imayambira pogawa mauthenga a alimi

Alimi salemba zambiri pa foni. "mbatatesi yanga ikufota ndithire chani." "feteleza wafika liti." "kabichi bwanji lero pa Lizulu." Ena alibe ndi moni womwe, ena moni wake umatalika kuposa funso. Gulu la alimi lomwe ndimalithandiza kuno ku Ntcheu lili ndi nambala imene mamembala amatumizako mafunso ndi madandaulo, ndipo mvula ikangoyamba mauthenga amaunjikana kufika masauzande. Aliyense amayankhidwa payekha, koma komiti ikakhala pansi ndi alangizi imafuna kumva china: mwezi uno chikusautsa anthu kwambiri n'chiyani, ndipo chikuchokera mbali iti, ku Tsangano, ku Kasinje kapena ku Nsipe? Yankho lake ndi limene limauza komiti koti ipititse tindalama tochepa tomwe ili nato, ndiponso mudzi umene mlangizi ayambire kupalasira njinga.

Kuti ndipeze yankholo ndimagawa mauthengawo m'magulu ndi kompyuta, pogwiritsa ntchito njira yakale yotchedwa k-means. Ambiri amene amaphunzira njirayi amathera nthawi yawo pa funso loti magulu akhale angati. Funsolo ndi lofunika, koma pansi pake pali lina limene kawirikawiri limasiyidwa m'manja mwa pulogalamu osaliyang'ana n'komwe: kompyutayo iyambire pati? Ndaonapo mauthenga omwewo, osasinthapo ngakhale chilembo chimodzi, akutulutsa magulu ena m'mawa, ena madzulo, chifukwa cha ichi chokha. Nkhani imene m'mawa inali ndi gulu lakelake, madzulo yamwazikira m'magulu ena, ngati palibe anaidandaulapo.

Kagwiridwe ka k-means n'kosavuta kufotokoza. Mumaiuza kompyuta chiwerengero cha magulu, chomwe ndi k uja. Iyo imaika malikulu okwana k, ndipo uthenga uliwonse umapita ku likulu limene wayandikana nalo. Kenaka likulu lililonse limasunthira pakati penipeni pa mauthenga amene abwera kwa ilo. Malikulu akasuntha, mauthenga ena amapezeka kuti tsopano ayandikira likulu lina, ndiye amasamuka, malikulu n'kusunthanso. Zimapitirira choncho mpaka palibenso chosuntha. Stuart Lloyd anakonza njirayi mu 1957 ali ku Bell Labs ku America, ngakhale kuti inasindikizidwa mochedwa, mu 1982, ndipo dzina loti k-means linachokera kwa James MacQueen mu 1967.

Taganizani za mavenda a sikelo pa nthawi yokolola. Aliyense wapachika sikelo yake penapake, ndipo mlimi amasenzera thumba ku sikelo yapafupi. Mawa lake venda amasunthira sikelo pakati pa midzi imene inamubweretsera dzulo. Ngati tsiku loyamba mavenda atatu anapachika moyandikana m'mbali mwa M1, adzangogawana midzi ya m'mbali mwa msewuyo, aliyense n'kusendera pang'ono. A kumapiri, poti ndi ochepa, adzangokoka sikelo imodzi pang'ono chabe, n'kupitiriza kutsika ndi katundu wawo mtunda wonsewo. Palibe venda amene adzanyamuke n'kukapachika ku Tsangano, chifukwa lamulo lake ndi loti asunthire pakati pa amene akumubweretsera kale.

Ndiye k-means imaima pamene yasiya kusuntha, osati pamene yapeza kagawidwe kopambana. Akatswiri a masamu anatsimikizira kuti kupeza kagawidwe kopambana onse ndi vuto la mtundu umene amautcha NP-hard, ngakhale magulu atakhala awiri okha, kutanthauza kuti palibe njira yachangu yodziwika yolithetsera zinthu zikachuluka. Tonse timangolandira pamene kompyuta yaimira, ndipo pamene yaimirapo pamadalira pamene inayambira.

Pa manambala wamba, monga kulemera kwa matumba, vutoli limakhalapo koma silipweteka kwambiri. Pa mawu ndiye limakula. Kompyuta siwerenga Chichewa. Imasandutsa uthenga kukhala mzere wa manambala. Liwu lililonse limene lapezeka m'mauthenga onse limapatsidwa kabokosi kake, ndipo uthenga umadzaza mabokosi a mawu amene uli nawo, ena onse n'kukhala ziro. Gerard Salton ndi anzake anafotokoza kaonedwe kameneka mu 1975, ndipo Karen Spärck Jones anali atasonyeza kale mu 1972 kuti liwu lopezeka paliponse, monga "ndi" kapena "kodi", liyenera kupepuka, pomwe liwu losowa liyenera kulemera. Kuwerengera kumeneku ndi komwe lero timati TF-IDF.

Tsono Chichewa chimachulukitsa mabokosi kwabasi, chifukwa mneni wathu amanyamula wochita, nthawi ndi kukana, zonse m'liwu limodzi. Mlimi wina alemba "ikufota", wina "yafota", wina "zikufota", wina "inafota", wina "sinafote yonse". Kwa ine ndi inu anthu awa akudandaula chinthu chimodzi. Kwa kompyuta awa ndi mabokosi asanu osadziwana. Onjezanipo kalembedwe ka pa foni ya mabatani: feteleza, fetereza, fertilizer, mbatatesi, batatesi, kachewere, n'chiyani, nchani, chani. Mabokosi amafika masauzande ambiri pomwe uthenga umodzi ukudzaza asanu ndi atatu kapena khumi.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikupempheni mupirire masamu pang'ono. Poyerekeza mauthenga timayamba tawalinganiza kutalika, kuti uthenga wautali usaoneke wakutali chifukwa chongotalika. Chotsala ndi kumene uthengawo waloza, ndipo muyeso wake umatchedwa cosine. Inderjit Dhillon ndi Dharmendra Modha anafotokoza k-means ya mtundu umenewu mu 2001, ndipo imadziwika kuti spherical k-means. Mauthenga awiri akafanana ndendende, cosine ndi 1. Akakhala opanda liwu lililonse lofanana, ndi 0. Mtunda wa pakati pawo, ukauchulukitsa ndi iwo womwe, umakhala 2 kuchotsapo cosine kawiri. Choncho mauthenga osagawana liwu lililonse ali pa 2. Amene agawana kaliwu kamodzi, cosine yawo n'kukhala 0.1, ali pa 1.8. Poti mauthenga ndi aafupi, ochuluka zedi amakhala pa 2 kapena chapafupi pomwepo, ngakhale awiri amene akukamba za matenda amodzi. Wapafupi ndi wakutali amasiyana pang'ono kwambiri. Kevin Beyer ndi anzake anasonyeza mu 1999 kuti mbali, zomwe kwa ife ndi mabokosi aja, zikachuluka, pa mitundu yambiri ya deta, kusiyana kwa chapafupi ndi chakutali kumafwifwa mpaka mawu oti "chapafupi" amatsala opanda mphamvu. Njira iliyonse yoyambira imene imadalira mtunda iyenera kuyesedwa pa mfundo imeneyi.

Njira yakale kwambiri ndi ya maere, imene imatchulidwa ndi dzina la Edward Forgy kuchokera ku ntchito yake ya mu 1965: tolani mauthenga k mosayang'ana, akhale malikulu. Kufooka kwake kumaoneka ndi pensulo ndi pepala. Tinene kuti nkhani ina ili ndi mauthenga 2 pa 100 alionse, ndipo tikufuna magulu 10. Mwayi woti pa mauthenga 10 otoledwawo pasapezeke ndi umodzi womwe wa nkhaniyo ndi 0.98 yochulukitsidwa ndi iyo yomwe ka 10, zomwe zimapereka pafupifupi 0.82. Ndiye kuti pa maulendo 100, maulendo 82 nkhani yaing'onoyo imayamba yopanda likulu. Nthawi ya makuponi, pamene foni yadzaza ndi mafunso a feteleza, malikulu angapo amagwera mu feteleza momwemo n'kumugawa m'magulu opanda tanthauzo: la amene analemba "fetereza" ndi r, la amene anayamba ndi "zikomo abwana". Pamenepo amayi a kudimba amene akudandaula za tomato alibe poikidwa, amangoponyedwa kumene liwu limodzi lawakokera.

Woganiza msanga anena kuti, basi, tisankhe malikulu otalikirana. Teofilo Gonzalez anaika njira imeneyo pa masamu mu 1985. Mumatola uthenga woyamba, wachiwiri akhale wakutali koposa ndi woyambayo, wachitatu wakutali koposa ndi awiriwo, motero mpaka akwane. Pa vuto limene iye ankathetsa imagwira bwino. Pa mauthenga athu imakatola zachilendo zokhazokha. Ife tili m'malire. Pa Lizulu ndi msewu wokha umene walekanitsa Malawi ndi Mozambique, ndipo alimi a ku Angonia amagulitsa pa msika womwewo. Ndiye pamabwera uthenga wa Chipwitikizi, ndipo poti ulibe liwu lofanana ndi ena, ndiwo wakutali ndi onse. Umasankhidwa kukhala likulu. Wotsatira amakhala uthenga umene mwana anadinadina pa foni ya agogo ake. Malikulu otere sakoka aliyense. Amakhala okhaokha kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, gulu la uthenga umodzi, pomwe mauthenga ena onse athinana m'magulu otsalawo.

Mu 2007 David Arthur ndi Sergei Vassilvitskii a ku Stanford anabweretsa k-means++, imene inalumikiza njira ziwirizi mwanzeru, ndipo ine ndimailemekeza kwambiri. Likulu loyamba ndi la maere. Otsatira nawonso ndi a maere, koma maere okondera: uthenga umene uli kutali ndi malikulu omwe alipo kale umapatsidwa mwayi waukulu, molingana ndi mtunda wake wochulukitsidwa ndi iwo womwe. Ngati zinthu zitatu zili pa mtunda 1, 2 ndi 10, kulemera kwake ndi 1, 4 ndi 100, choncho chachitatu chili ndi mwayi 100 pa 105. Gulu lakutali la mauthenga ambiri limakhala ndi mwayi waukulu kulemera kwake kukaphatikizidwa, pomwe kauthenga kamodzi kachilendo sikapambana nthawi zonse monga kachitira pa njira ya Gonzalez. Anatsimikiziranso ndi masamu kuti pa avereji zotsatira zake siziipa kupitirira ka 8(ln k + 2) poyerekeza ndi kagawidwe kopambana. Pa magulu 10 imeneyo ndi pafupifupi ka 34. Malirewo ndi otakasuka ndithu, koma njira ya maere wamba ilibe lonjezo lililonse lotero.

Koma bwererani ku 2 ndi 1.8 uja. Mphamvu yonse ya k-means++ ili pa kusiyana kwa mitunda. Tinene kuti tili ndi mauthenga 500 a feteleza ndi 20 a tomato, ndipo likulu loyamba lagwera kale mu feteleza. Tikanayembekezera kuti tsopano feteleza apepuke, tomato alemere. Koma likululo ndi uthenga umodzi wa mawu ochepa, ndipo anzake a feteleza ali nalo pa 1.8. Ndiye feteleza akulemerabe 900, tomato 40. Maere achiwiri adzagweranso mu feteleza pafupifupi maulendo 96 pa 100. Njira imene pa manambala wamba imachita zodabwitsa, pa mauthenga aafupi a Chichewa yatsala pang'ono kufanana ndi kutola mosayang'ana. Kukondera kochepa kumene kwatsala kumapita kwa mauthenga amene ali pa 2 ndi aliyense, omwe ndi achilendo aja.

Ambiri a ife ogawa mauthenga ndi kompyuta timagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa scikit-learn, ya m'chilankhulo cha kompyuta cha Python. Mukapanda kuiuza china, imayamba ndi k-means++ yokonzedwa pang'ono: pa likulu lililonse imatola mauthenga angapo n'kusunga umene wachepetsa koposa mtunda wonse, ndiye kuti mitunda ya mauthenga onse kukafika ku malikulu awo itaphatikizidwa. Izi zimathandiza. Kale inkabwereza ntchito yonse ka 10 n'kusunga zotsatira zabwino, koma kuyambira pa 1.4, imene inatuluka mu Januwale 2024, ndi k-means++ imayenda kamodzi kokha pokhapokha mutaika nokha nambala ya maulendo obwereza pa malo otchedwa n_init. Olemba ake sanabise kanthu. M'chitsanzo chawo chogawa zolemba za pa intaneti zotchedwa 20 Newsgroups amachenjeza okha kuti pa mawu malikulu akhoza kugwera pa zolemba zapazokha n'kukakamira pomwepo. Choncho wogawa mawu aike nambalayo ndi dzanja lake, ndipo isakhale yaing'ono.

Komabe kubwereza pakokha sikuchiza. Kompyuta ikayenda maulendo ambiri imasunga ulendo umene mtunda wonse wachepa koposa, ndipo muyeso umenewo umakondera ochuluka. Kung'amba mauthenga 500 a feteleza pawiri kukhoza kuchepetsa mtunda wonse kuposa kupatsa mauthenga 20 a tomato likulu lawo. Pa masamu ulendo umenewo ndiwo wapambana. Pa msonkhano wa komiti ndi ulendo umene wabisa anthu 20 amene dimba lawo likutha. Ichi ndicho chimandikhudza pa nkhani yonseyi, chifukwa amene amasowa sakhala a mawu ambiri, amakhala a mbewu yaing'ono kapena a mudzi wakutali kumene netiweki imagwira pa chulu chimodzi.

Chothandiza choyamba si njira yoyambira ayi, koma kukonza bwalo limene malikuluwo adzaimemo. M'malo mowerenga mawu athunthu, ndimaidulitsa kompyuta liwu lililonse m'tizidutswa ta zilembo 3 mpaka 5. Kachidutswa koti "fot" kali mu "ikufota", mu "yafota", ngakhale mu "sinafote", ndipo "fete" ali mu "feteleza" ndi mu "fetereza" momwe. Mauthenga amene anali pa 2 amayamba kuyandikana. Kenaka ndimapanikiza mabokosi masauzande aja kukhala mbali pafupifupi 100 ndi njira ya LSA, imene Scott Deerwester, Susan Dumais ndi anzawo anafotokoza mu 1990. Njirayi imaona mawu amene amayendera limodzi: "kachewere" ndi "mbatatesi" sagawana tizidutswa ta zilembo, koma onse amapezeka pafupi ndi "Tsangano", "thumba" ndi "kufota", choncho amakokedwera mbali imodzi. Pambuyo pa izi mitunda imayambanso kusiyana, ndipo k-means++ imapezanso chogwira.

Chachiwiri n'chakuti likulu lisayambe ngati uthenga umodzi. Amene anaona izi kale ndi Douglass Cutting, David Karger, Jan Pedersen ndi John Tukey ku Xerox PARC mu 1992, pa ntchito yawo ya Scatter/Gather, yomwe inali yogawa zolemba basi. Njira yawo ina imatchedwa Buckshot. Mumatapa mauthenga ochepa mwamaere, ndipo chiwerengero chake mumachipeza pochulukitsa k ndi mauthenga onse n'kutenga square root ya zimene zatuluka, yomwe ndi nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imakubwezera zotulukazo. Pa mauthenga 10,000 ndi magulu 10, amenewo ndi 316. Otapidwawo mumawalumikiza awiriawiri, oyandikana koposa poyamba, magulu n'kumakula mpaka atsale 10. Kulumikiza kotere n'kochedwa zedi pa mauthenga onse, koma pa 316 laputopu yakale imamaliza magetsi asanazime. Avereji ya gulu lililonse ndiyo imakhala likulu loyambira, ndipo likulu lotero limanyamula "ikufota" ndi "yafota" pamodzi, motero limakoka abale ake onse. Nkhani ija ya 2 pa 100 imakhala ndi mauthenga pafupifupi 6 mwa otapidwawo, osati ziro monga zimakhalira kawirikawiri potola 10 okha. Paul Bradley ndi Usama Fayyad mu 1998 anachita zofananako: kutapa kangapo, kugawa mtapo uliwonse, kenaka kugawa malikulu amene atulukawo.

Ziliponso zina. PDDP ya Daniel Boley, ya mu 1998, sichita maere konse. Imang'amba mauthenga pawiri motsata mbali imene asiyana koposa, n'kung'ambanso, ndipo imapereka yankho lomwelo tsiku lililonse, ngakhale kuti kusasintha sikutanthauza kulondola. Ya k-means|| ya mu 2012 inapangidwira deta ya mamiliyoni pa makompyuta ambiri, ndipo gulu ngati lathu silinafike kumeneko.

Koma poyambira pamene ndimapadalira koposa sipachokera mu kompyuta. Nyengo ina ya mvula ndinasindikiza mauthenga a gulu limene linatuluka ngati la mbatatesi, n'kuwadula timapepala. Mayi wina mlangizi, amene wagwira ntchito kumapiri kuno zaka zambiri, anawayala patebulo, magalasi ali pamphuno, n'kumawasuntha ndi chala chimodzi. Posakhalitsa panali milu iwiri.

"Achimwene, awa musawaphatikize," anatero. "Awa akunena chiwawu. Awa akunena kufota."

Ndinafunsa kuti, "Mayi, mwadziwira pati, poti onse akuti masamba awonongeka ndipo onse akufunsa mankhwala?"

Anandilozera timawu tating'ono timene kompyuta inatiyesa topanda pake. Pa mulu woyamba panali "mawanga akuda", "masamba apsa", "chifunga", "munda wonse sabata imodzi". Pa wachiwiri panali "yagona masana", "masamba akadali obiriwira", "phando apa phando apo", "ikuwola mkati". Chiwawu chimabwera ndi Phytophthora infestans, yomwe ija inawononga mbatatesi ku Ireland kuyambira 1845, ndipo chimakonda kuzizira ndi chinyontho, nyengo yeniyeni ya ku Tsangano ndi ku Bembeke mvula ikamavumba. Chimapewedwa popopera mankhwala monga Dithane chisanafale. Kufota kumabwera ndi bakiteriya wotchedwa Ralstonia solanacearum, amene amakhala m'nthaka ndi mu mbewu. Mayiwo anandiuza mmene amasonyezera alimi: amadula tsinde n'kuliviika m'tambula ya madzi oyera, ndipo pakapita timphindi timaulusi toyera timayamba kutsika kuchokera podulapo. Kufota kulibe mankhwala opopera. Umazula mapando ogwidwawo, umabzala mbewu ina monga chimanga pamalopo kwa nyengo zingapo, ndipo umafuna mbewu yopanda matenda.

Ndiye taonani chimene chikanachitika pa msonkhano. Lipoti likananena kuti vuto lalikulu ndi matenda a mbatatesi ndipo alimi akupempha mankhwala. Komiti ikanagula mankhwala opopera, ndipo onse a mulu wachiwiri akanapopera nthaka yodwala, n'kusunganso mbewu ya m'munda womwewo kuti adzabzale chaka chamawa. Kompyuta sinanamepo kanthu. Mawu olemera m'mauthenga onsewo analidi "mbatatesi", "masamba" ndi "ndithire chani". Likulu limodzi likayamba pakati pawo, onse amathamangira komweko, ndipo palibe chimene chingawalekanitsenso.

Njira yogwiritsa ntchito nzeru zotere ilipo ndipo ili ndi eni ake. Sugato Basu, Arindam Banerjee ndi Raymond Mooney a ku University of Texas ku Austin anaifotokoza mu 2002. Munthu wodziwa amasankha mauthenga ochepa a nkhani iliyonse, avereji yawo n'kukhala likulu loyambira, kenaka k-means imapitiriza monga mwa nthawi zonse. Anapereka mitundu iwiri: wina umalola mauthenga osankhidwawo kusamuka ngati masamu atero, wina umawakhomera pomwe anaikidwa. Ine ndimakonda wolola kusamuka, chifukwa uthenga umene mlangizi anauika ku chiwawu ukasamukira ku kufota ndimaubweza kwa iye kuti tiuonenso limodzi, ndipo nthawi zina timapeza kuti munda umodzi wagwidwa ndi zonse ziwiri. Ntchito yosankhayi sitenga tsiku. Madzulo amodzi ndi tiyi, alangizi awiri amatha kuyala mauthenga khumikhumi a nkhani zonse zimene amazidziwa. Malikulu akayamba atalekana kale, wina atanyamula "mawanga" ndi "chifunga", wina "yagona" ndi "obiriwira", milu iwiri ija imakhala yolekana mpaka kumapeto.

Ngozi yake ndi yoonekeratu: alangizi amasankha zimene akuzidziwa kale. Mbozi za fall armyworm zinapezeka koyamba mu Africa mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 boma linalengeza za ngozi m'maboma 20 mwa 28 a dziko lino. Chaka chimodzi zisanafike, palibe mlangizi akanayala mulu wa mbozi zimenezi patebulo. Mauthenga oyamba onena za tizilombo todya mumtima mwa chimanga akanamezedwa ndi gulu la kapuchi kapena la chiswe, ndipo chinthu chimene komiti inkafunika kumva msanga koposa chikanamveka pomaliza. Choncho sindipereka malikulu onse kwa alangizi. Ndikaika awo, ndimatola mauthenga amene atsala kutali ndi malikulu onsewo, ndimachotsamo a Chipwitikizi ndi odinadina aja kuti ndiwayankhe paokha, kenaka otsalawo ndimawayendetsa pa Buckshot kuti atulutse malikulu ena awiri kapena atatu opanda dzina. Magulu amenewa ndimawawerenga ndi maso, uthenga ndi uthenga. Nthawi zambiri mumakhala zosakanikirana, moni wa Khirisimasi ndi mafunso a ngongole. Nthawi zina mumakhala anthu angapo a mudzi umodzi akunena chinthu chimodzi chimene sichinamvekepo.

Ndisanapite ndi lipoti kulikonse ndimayendetsa zonse maulendo ambiri, ndikusintha maere ulendo uliwonse, n'kuona ngati magulu akubwerera. Pali muyeso wake, adjusted Rand index ya Lawrence Hubert ndi Phipps Arabie ya mu 1985, umene umawerenga mauthenga awiriawiri amene akhala limodzi kapena molekana pa maulendo onse awiri, n'kuchotsapo zimene zikanangochitika mwangozi. Ukayandikira 1 ndiye kuti maulendowo agwirizana. Ukayandikira 0 ndiye kuti magulu anu ndi maere chabe. Gulu limene limabwerera nthawi zonse ndimalilemba pa lipoti ndi chiwerengero chake. Limene limabwera n'kusowa sindiliika pa tchati, chifukwa tchati chikangopachikidwa pakhoma anthu amachikhulupirira. Ndimanyamula mauthenga ake enieniwo osindikiza, n'kuwapereka kwa apampando kuti awerengedwe mokweza.

Milu ya alangizi nayo imakalamba. Imene tinayala mu Januwale ndi ya feteleza wobereketsa, mbozi ndi chiwawu. Pofika Juni foni imakhala ikukamba za mitengo pa msika, masikelo onyenga, anankafumbwe ndi matumba a PICS, ndipo malikulu a mu Januwale akagwiritsidwa ntchito pamenepo amakakamiza mafunso a nkhokwe kulowa m'magulu a m'munda. Choncho timayalanso timapepala nthawi yobzala, nthawi yokolola, ndi pamene ulimi wa kudimba wayamba, ndipo pa kuyala kwa kudimba ndimapempha kuti pakhale mayi mmodzi kapena awiri olima tomato ndi mpiru, chifukwa iwo ndi amene amadziwa mmene anzawo amalembera za kangaude wofiira.